Kino Sanali Wadyera

Ngati munalemba mayeso a MSCE m'zaka zaposachedwazi, Kino mukumudziwa. Kaya buku la The Pearl munaliwerenga lonse, kaya munadalira manotsi ozungulira pa WhatsApp aja, yankho linali limodzi ndipo aliyense analiloweza: mfundo yaikulu m'bukuli ndi dyera. Kino anapeza ngale, dyera linamulowa, mwana wake anafa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Lembani zimenezo m'Chingerezi chabwino, malikisi mwatenga, pitani ku funso la Macbeth.

Sabata ino ndikufuna ndimuimirire pamlandu bambo ameneyu. Osati pa zonse ayi, chifukwa pali malo amodzi pomwe ine ndemwe ndikanamutengera kwa amfumu, ndipo tifikapo. Koma mlandu wa dyerawu ndikuukana. Unagwera munthu wolakwika. Ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ndi mlandu womwewo umene umagwera mlimi wa kwathu ku Bwanje akakana mtengo wa venda n'kubwerera ndi thumba lake kunyumba. Anthu amati wakula mtima.

Poyamba ndiwakumbutse amene anaiwala, komanso achimwene ndi achemwali athu amene nthawi yawo ankalimbana ndi Smouldering Charcoal. Bukuli analemba ndi John Steinbeck wa ku America, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1962. Nkhaniyi inayamba kutuluka mu 1945 m'magazini ya amayi yotchedwa Woman's Home Companion, ndipo inakhala buku mu 1947. Choncho kuikamba pa tsamba la banja ngati lino si kusochera, kwawo n'komweko. Zonse zikuchitikira ku La Paz, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Mexico. Ntchito ya Kino ndi kumira pansi pa nyanja kutola nkhono zimene nthawi zina mkati mwake mumapezeka ngale. Ali ndi mkazi, Juana, ndi khanda, Coyotito. Nyumba yawo ndi yamitengo ndi udzu. Chuma chawo chonse ndi bwato limene linachokera kwa agogo ake a Kino, n'kudzera kwa bambo ake. M'mawa wina chinkhanira chinaluma mwana. Dokotala wa m'tauni anakana kumuona chifukwa makolo ake analibe ndalama. Tsiku lomwelo Kino anamira n'kuvuuka ndi ngale yaikulu ngati dzira la mbalame ya kunyanja, yoti m'deralo sinaonekepo. Masiku ochepa okha atadutsa, bwato linali litaboola, nyumba itapsa, Kino atapha anthu anayi, mwana atafa ndi chipolopolo, ngale itabwerera m'nyanja.

Tsono tiyeni tiwerenge limodzi zimene wadyerayu ankafuna. Madzulo a tsiku limene anapeza ngale, anthu atadzaza m'nyumba, mkulu wake Juan Tomás anamufunsa chimene achite poti tsopano walemera. Choyamba chimene Kino anatchula ndi kukadalitsa ukwati wake kutchalitchi, chifukwa zaka zonsezo analibe ndalama yolipira mwambowo. Chachiwiri zovala zatsopano, ndi nsapato za mkazi wake. Kenako mkondo wophera nsomba, kulowa m'malo mwa wake umene unatayika chaka chapitacho. Kenako mfuti. Pomaliza, ndipo apa mpamene mawu ake anasintha, anati mwana wake adzapita kusukulu, adzadziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Abale, dyera lili pati pamenepa? Tsikani minibasi pa Bwanje, mumsewu wa M5 uja, mupeze mnyamata aliyense wa mwana mmodzi, mumufunse chimene angachite atapeza ndalama yochuluka mwadzidzidzi. Akuuzani kuti akhoma malata, adalitsa ukwati kuti akumpingo asiye kumuyang'ana cham'mbali, agula njinga yamoto ya kabaza, ndipo mwana asadzabwezedwe pakhomo la sukulu chifukwa cha ndalama. Ndi mndandanda wa Kino womwewo, wangosintha zovala. Palibe amene angamutche mnyamata ameneyu wadyera. Timati ali ndi masomphenya, ndipo pa Facebook timamuikira kachithunzi ka moto.

Mfuti yokha ndi imene ingakukayikitse. Koma ngakhale pamenepo, werengani bwino zimene wolemba akunena. Steinbeck akuvomereza kuti munthu sakhutira, ukamupatsa ichi amafuna china. Kenako akuonjezera kuti ngakhale anthu amanena zimenezi monyoza, kusakhutirako ndi imodzi mwa mphatso zazikulu zimene munthu ali nazo, imene inamusiyanitsa ndi nyama zokhutira ndi zimene zili nazo. Mwini buku akuikira kumbuyo chilakolako cha Kino, koma ndimeyi m'manotsi ambiri simuipeza.

Pali umboni wina umene ndimaukonda kwambiri. Nkhani ya ngaleyi Steinbeck sanaipeke yonse. Anaimva mu 1940 paulendo wa panyanja ku Gulf of California ndi mnzake Ed Ricketts, ndipo anailemba mwachidule m'buku la ulendowo, Sea of Cortez, mu 1941. M'nthano yoyambirirayo wopeza ngale anali mnyamata wosakwatira, ndipo maloto ake anali kuleka ntchito, kumwa mowa mmene angafunire, akazi, ndi kulipiriratu misa kuti mzimu wake usadzavutike. Ameneyo ndiye mukanati dyera ndikanangoti chabwino. Koma polemba bukuli Steinbeck anamuchotsa mnyamatayo n'kuikapo bambo wa banja amene loto lake lalikulu ndi sukulu ya mwana. Wolemba amene akufuna kutiphunzitsa kuipa kwa dyera sachita zimenezo. Akanamusiya woledzera uja, ntchito ikanaphweka.

Ndionjezere kamodzi kwa anzanga a kandege: musadzione mwa Kino. Iye sanabetche. Ngale anaipeza ali pantchito yake ya masiku onse, atabanika mpweya pansi pa madzi, ntchito imene bambo ake ndi agogo ake ankagwira. Mwayi unamupeza ali kumunda, titero kunena kwake.

Chifukwa chimene sukulu inali pamwamba pa zonse chikuonekera usiku womwewo. Dokotala amene m'mawa anati kulibe, atamva za ngale, anabwera yekha kunyumba ya udzu ija atanyamula chikwama. Nthawiyo mwana anali akupeza bwino kale. Juana anali atayamwa ululu pabalapo n'kuikapo ndere za m'nyanja, ndipo chotupa chinali chikuphwa. Dokotala anati ululu wa chinkhanira umanamiza, umaoneka ngati watha kenako n'kubwerera. Anatsegula chikope cha mwana n'kumuonetsa Kino kuti mkati mwabiriwira. Anamumwetsa ufa woyera wa m'kapisozi, n'kunena kuti abweranso pakatha ola limodzi. Atachoka, patapita kanthawi, mwana anayamba kusanza ndi kuphiriphitha. Dokotala anabwerera, anamupatsa timadontho ta mankhwala ena m'madzi, mwana anakhala bata, ndiye n'kufunsa za malipiro. Pofunsa ngati ngale yasungidwa pabwino, maso ake anali pa maso a Kino, kuti aone pakona pomwe ayang'ane. Usiku womwewo mbala inalowa m'nyumba.

Chimene chimapweteka pa ndimeyi n'chakuti Kino akukayika. Mtima wake ukumuuza kuti akunamizidwa. Koma sangathe kutsutsa, chifukwa sakudziwa ngati chikope cha mwana chimakhala chotero masiku onse, ndipo sangaike moyo wa mwana wake pachiswe chifukwa cha kukayika chabe. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa munthu wovala tayi kapena jasi yoyera, n'kupatsidwa pepala la Chingerezi kuti asayine, akuidziwa mphindi imeneyi. Agogo athu amene amadinda ndi chala akuidziwa bwino koposa. Kino sakufuna kuti mwana wake adzakhale bwana. Akufuna m'banjamo mudzakhale munthu mmodzi woti akatsegula buku aziwauza ngati zimene auzidwa zilimodi.

Kukacha, tifike pa mtima weniweni wa bukuli, umene kwa ine si phanga la kumapiri kumene mwana anafera koma kaofesi ka wogula ngale.

M'tauni ya La Paz munali ogula ngale angapo, aliyense ndi ofesi yake. Asodzi ankaganiza kuti ogulawa amapikisana. Zoona zake zinali zakuti onse anali antchito a munthu mmodzi, amene sitimuona n'komwe m'buku lonse. Ankalandira malipiro, ndipo katswiri pakati pawo anali amene wagula motchipa kuposa anzake. Kino atalowa, khamu la anthu lili pambuyo pake, wogula woyamba anali akusewera ndi ndalama yachitsulo pa zala zake kuseri kwa tebulo. Ataona ngale nkhope sinasinthe, koma ndalama ija inapulumuka n'kugwa. Kenako anayamba nyimbo imene tonse timaidziwa: yakula kwambiri, palibe angaigule, ndi yongoonetsa basi, koma poti ndinu, mapeso 1,000. Kino anati ndi ya mapeso 50,000. Wogulayo anati ngati simukundikhulupirira ndiitane anzanga, muone kuti sitinapangane. Anabwera atatu. Wina anakana ngakhale kutchula mtengo. Wina anaiyang'ana pagalasi n'kunena kuti ndi yofewa, isuluka pakapita miyezi. Wachitatu anati ali ndi kasitomala wokonda zachilendo, angapereke mapeso 500. Kino atakwatula ngale yake n'kunena kuti akagulitsa kulikulu, woyamba uja anakuwa kuti 1,500.

Ndani wa ife amene sanaonepo sewero limeneli? Nyengo yokolola ikafika, masikelo amapachikidwa pa mitengo m'mbali mwa msewu, anayi kapena asanu motsatizana. Upita pa woyamba, mtengo ndi uwu. Upita pa wachisanu, mtengo womwewo, ndipo nawonso akuti nandolo wako sanaume, thonje lako ndi lakuda, chimanga chili ndi zinyalala. Unduna wa Zamalimidwe chaka chilichonse umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo timaimva pawailesi. Koma pepala la ku Capital Hill silinyamula thumba. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 kuti mlimi azikhala ndi kogulitsa, yakhala ikufika pamsika mochedwa, anthu atagulitsa kale, ndipo mu 2022 boma linachita kuiimitsa kaye kuti liikonzenso. Wotsala pamsewu ndi mnyamata wa sikelo.

Ndipo mnyamata wa sikeloyo musamude kwambiri. Apa Steinbeck anaona patali. Nthawi zambiri ndalama imene ali nayo m'kachikwama ka m'chiuno si yake. Ndi ya bwana wa ku Limbe kapena ku Lilongwe amene wamuuza mtengo pafoni m'mawa. Iye ndi chala chabe, mwini dzanja sitimuona. Mu 2017 tinadziwa kutalika kwa dzanjalo. Alimi ambiri anali atakuza minda ya nandolo chifukwa zaka ziwiri zam'mbuyo mtengo unali wabwino zedi. Mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wochokera kuno, linaika malire a matani 200,000 pachaka pa nandolo wolowa m'dzikolo. Mtengo kuno unagwa chagada. Mavenda anali ambirimbiri, koma wogula weniweni anali mmodzi, kutsidya la nyanja, ndipo atatseka chitseko masikelo onse anayankhula chimodzimodzi. Mlimi amene anakuza munda chaka chimenecho anali wadyera? Anachita zimene aliyense ankamulangiza.

Madzulo a tsiku la msika lija, anansi a Kino anagawanika, ndipo zokamba zawo mungazimve pa bawo paliponse. Ena ankati ogula amadziwa ntchito yawo, komanso mapeso 1,500 ndi chuma kwa munthu amene dzulo analibe kalikonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ena ankati Kino ndi mwamuna, ndipo kulimba mtima kwake kuthandiza onse. Juan Tomás yekha ndi amene ananena chenicheni. Anamuuza mng'ono wake kuti akumuopera, chifukwa sanakane ogula ngale okha, wakana dongosolo lonse la mmene moyo umayendera pamalopo.

Pali kankhani kena kamene abale awiriwa akukumbutsana popita kumsika, kamene ndimaona kuti mlangizi aliyense wa makopaletivi anayenera kukawerenga. Kale makolo awo anazindikira kuti akuberedwa. Anasonkhanitsa ngale zawo zonse n'kutuma munthu mmodzi kuti akagulitse kulikulu. Munthuyo sanabwerere. Anayesanso ndi wina, nayenso anapita ulendo wa chidyankumba. Ndiye anasiya, n'kubwerera kwa ogula akale. Chimene chinatsatira ndicho choopsa: wansembe anaisandutsa nkhaniyi ulaliki wa chaka ndi chaka, wakuti kutayika kwa ngalezo chinali chilango kwa anthu ofuna kuchoka pamalo pamene Mulungu anawaika. Taonani mmene zimayendera. Anthu ayesa kudzithandiza, mmodzi mwa iwo awabera, kenako wamkulu awauza kuti cholakwa chinali kuyesako. Amene anakhalapo m'gulu la banki mkhonde limene msungichuma anathawa ndi bokosi akudziwa kuti ndalama si imene imapweteka kwambiri. Chopweteka ndi chakuti zaka zisanu zotsatira palibe amene amafunanso kumva mawu oti gulu.

Kwa ife a ku Ntcheu nkhani ya mwala wamtengo wapatali si ya m'buku chabe. M'boma lathu lomweli, chakumalire ndi Mozambique, kuli phiri la Chimwadzulu, kumene miyala ya ruby ndi sapphire inadziwika kuyambira mu 1958. Kampani ya Nyala Mines inakumbako kwa zaka, ndipo miyalayo inkagulitsidwa kunja kudzera ku kampani ya ku America ya Columbia Gem House. Mu 2024 nkhani inamveka dziko lonse lapansi kuti mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo panthawiyo, a Thabo Chakaka Nyirenda, akufuna kampani ya ku America ija ilipire dziko lino ndalama zoposa $309 biliyoni, ponena kuti msonkho wa miyalayo sunaperekedwe moyenera. Kampaniyo inakana, inati zonenazo zilibe maziko. Nambalayo inadabwitsa ambiri, poti chuma chonse chimene dziko lino limapanga pachaka sichifika ngakhale $20 biliyoni. Kuweruza mlanduwo si ntchito ya tsamba lino. Chimene ndikuona ine ndi kaofesi ka ku La Paz kaja. Mbali ina ikuti 1,000, mbali ina ikuti 50,000, ndipo pakati pali phompho. Kumbukirani kuti 50,000 ya Kino nayonso sinachokere pa sikelo iliyonse. Inachokera mu mtima wa munthu amene akudziwa kuti akuberedwa koma alibe chida choyezera kuti akuberedwa zingati. Miyala ija ikamatsika phirilo zaka zonsezo, ndi angati a m'midzi yozungulira amene akanatha kuigwira m'manja n'kunena mtengo wake?

Tsopano malo aja ndinalonjeza, pomwe Kino sindingamuimirire.

Juana ndi amene anayamba kuona kuti ngale yabweretsa imfa pakhomo. Mbala italowa koyamba anapempha mwamuna wake kuti aiphwanye kapena aibwezere m'nyanja. Kino atavulazidwa kachiwiri anapemphanso. Kino anayankha kuti iye ndi mwamuna. Ndiye m'bandakucha Juana anadzuka mwakachetechete, anatenga ngale n'kuthamangira kunyanja. Kino anamupeza dzanja lili m'mwamba, anamumenya chibakera kumaso, mayi n'kugwera pamiyala, ndipo anamuponda m'nthiti. Ameneyu ndi mkazi amene dzulo lake ankafuna kumugulira nsapato ndi kumuimika patsogolo pa guwa.

Apa palibe dokotala, palibe wogula ngale, palibe wansembe. Ndi Kino yekha ndi mkazi wake. Koma ngakhale apa mawu oti dyera sakukwana bwino. Kino sakumenya Juana chifukwa akufuna ndalama zambiri. Akumumenya chifukwa loto limene linayamba ngati la banja lasanduka lake yekha, ndipo aliyense woliimitsa, ngakhale mwini banjayo, wasanduka mdani. Amafika poona ngati iye ndi ngaleyo ndi chinthu chimodzi, kuti kuitaya n'kudzitaya yekha. Matenda amenewa tikuwadziwa. Bambo wagulitsa mbuzi za banja kuti apeze thiransipoti ya ku Joni, mkazi akafunsa akuti ukundibwezera m'mbuyo. Mnyamata waika ndalama ya feteleza mu bizinesi imene wamva kwa mnzake, mkazi akati tiyeni tidikire, yankho ndi lakuti zachimuna sungazimve. Onsewa amanena kuti akuchitira ana. Kino nayenso ankachitira Coyotito, koma pa zokambirana zonse za tsogolo la Coyotito mayi wake analibe voti.

Sindikunena kuti Juana ankalondola pa zonse. Kuponya ngale m'nyanja kukanawabwezera pa moyo umene chinkhanira chikaluma mwana umakaima pageti ya dokotala n'kubwezedwa. Ndipotu m'bwato muja, Kino ali pansi pa madzi, pemphero la Juana linali loti apeze ngale yolipirira dokotala. Naye ankaifuna. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankawerengera mtengo umene akulipira usiku uliwonse, pamene mwamuna wake ankangowerengera umene adzalandire. Banja limafuna mawerengero onse awiri. Ndipo taonani mtima wa mayiyu: atadzuka pamiyala paja, anapeza ngale itagwa panjira, pambali pake pali mtembo wa munthu amene Kino wamupha podziteteza. Akanatha kuitaya pamenepo, panalibe womuletsa. Koma anaona kuti moyo wakale watha kale, ndiye anaibweza kwa mwamuna wake n'kumuuza kuti athawe. Kumapiri Kino atafuna kuti asiyane, iye akasocheretse owalondola, Juana anakana. Munthu wolimba kwambiri m'bukuli ndi ameneyu, koma pamayeso ankangomupatsa mzere umodzi: mkazi womvera.

Mukafuna nkhani imene mfundo yake ndi dyera lenileni, tili nayo yathu. Sikusinja ndi Gwenembe, imene a John Gwengwe anailemba m'buku, ndi ya abale awiri amene anapita kukagwira ntchito kutali. Wina anasunga, wina anamwaza, ndipo pobwerera womwazayo anapha m'bale wake kuti atenge katundu, mpaka mbalame inaulula. Gwenembe akufuna chimene sanakhetsere thukuta. Mu The Pearl a Gwenembe alimo ambiri, koma Kino si mmodzi wa iwo. Mbiri ya ngale itangofika m'tauni, wansembe anakumbukira zofunika kukonza patchalitchi, ogulitsa zovala anayang'ana zovala zimene zinakanika kugulidwa, dokotala anayamba kulota za ku Paris, ngakhale opemphapempha a pakhomo la tchalitchi anasekerera podziwa kuti mmphawi wolemera mwadzidzidzi ndi amene amapatsa kwambiri. Aliyense anaika ngale ya Kino m'bajeti yake, ndipo munthu mmodzi yekha woimitsa bajetiyo anali Kino mwini wake. Amene munalandirapo malipiro oyamba n'kuona mauthenga a achibale amene simunalankhule nawo chiyambire Sitandade 8 mukumvetsa. Kumudzi zimapitirira apo. Ukapata msanga ena amayamba kunong'ona kuti wakhwima.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mathero. Munthu akhoza kutseka bukuli n'kunena kuti wansembe uja ankanena zoona: khala pamene unabadwira, ukasuntha mwana afa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake yankho la dyera limakoma m'kalasi. Ndi laukhondo, silikhumudwitsa aliyense, ndipo mlandu wonse umathera pa mmphawi. Koma tangoganizani mwana wa Fomu 4 pasukulu yoyendera ya kumudzi, amene makolo ake agulitsa thonje pamtengo wolira kuti aphunzire, akulemba ndi dzanja lake kuti bambo wofuna kuphunzitsa mwana wake anaphedwa ndi dyera. Mwanayo ndi Coyotito amene anakwanitsa kufika kusukulu. Steinbeck mwini wake, m'mawu otsegulira bukuli, anasiya khomo lotsegula kuti aliyense atengemo tanthauzo lake molingana ndi moyo wake. Moyo wa mwana wa m'chigwa cha Bwanje sungamupatse tanthauzo la dyera.

Chimene Kino anasowa si kudzichepetsa. Anasowa wogula wachiwiri woona, anasowa pobisa chuma chake usiku umodzi wokha, anasowa njira yofikira kulikulu popanda kusakidwa ngati nyama. Ena anganene kuti ife zimenezi tinazithetsa, poti foni ili m'manja ndipo mtengo wa ku Lilongwe tingaudziwe tili pakhonde. N'zoona, ndipo si chinthu chaching'ono. Koma Kino naye ankadziwa kuti 1,000 ndi bodza. Kudziwa mtengo sikulipira lole, ndipo sikudikiritsa mwana wodwala mpaka Disembala pamene mtengo udzakwere. Amene amagulitsa mu Meyi si kuti sadziwa kuti mu Januwale chimanga chomwecho adzachigula modula. Amadziwa bwino lomwe.

Werenganinso tsamba lomaliza mukapeza mpata, bukuli ndi lalifupi, lotha madzulo amodzi. Awiriwa akulowa m'tauni dzuwa likupendeka, ndipo anthu akuona chachilendo: Juana sakuyenda pambuyo pa mwamuna wake monga mwa masiku onse, akuyenda pambali pake. Pamsana wanyamula nsalu yake, mkati muli mtembo wa mwana. Akudutsa pomwe panali nyumba yawo osayang'anako, mpaka kunyanja. Kino akupereka ngale kwa Juana kuti aponye, Juana akumubwezera kuti aponye yekha. Ogula ngale aja palibe chimene chawachitikira, mawa atsegula maofesi awo nthawi yake. Dokotala ali m'nyumba mwake. Ndipo pa zinthu zisanu zimene Kino anatchula madzulo aja, ukwati, zovala, mkondo, mfuti ndi sukulu, chimene wabwera nacho kuchokera kumapiri ndi chimodzi. Wanyamula mfuti, yomweyo imene inapha mwana wake.